Woopa Ndani, Woopedwa Ndani? Za Anthu Akuda ndi Miyambo Yawo m'Mafilimu Oopsa

Filimu yoopsa ndi ija imene mwini wake anaikonza ndi mtima umodzi wokha, woti woonera agwidwe nthumanzi, thupi lichite tsembwe, ndipo akazimitsa nyali usiku ayambe kutchera khutu ku kaphokoso kalikonse ka padenga. Pakuti mantha ndiwo malonda a filimu yotere, woikonza sangajambule chithunzi ngakhale chimodzi asanagamule zinthu ziwiri: ndani adzaopa, ndipo n'chiyani chidzaopedwa. Woopayo ndiye amene woonera amamumvera chisoni napuma naye wefuwefu. Choopedwacho ndicho chimene woonera amapita nacho kwawo chili m'mutu, kotero kuti mawa akakomana ndi chofanana nacho panjira, mtima umayamba kugunda iye asanaganize n'komwe.

Funso lenileni

Amene amakamba nkhani imeneyi kawirikawiri amasakaniza mafunso awiri amene ayenera kukhala paokhapaokha. Loyamba ndi la chiwerengero: kodi m'filimumo muli anthu akuda angati, akazi angati, ziyankhulo zingati, ndipo amene analemba nkhaniyo ndi kuyendetsa ntchito yojambula ndi a mtundu wanji? Lachiwiri ndi la kaonetsedwe: anthuwo, atalowa m'filimumo, apatsidwa malo anji? Kodi ndiwo eni nkhani, kapena ndi nkhuni zosonkhezera moto wa nkhani ya wina? Funso loyamba ndi lapafupi, chifukwa aliyense angathe kuwerenga ndi zala. Lachiwiri ndilo lolemera, ndipo ndilo limene likhudza Mchewa wokhala ku Chitungwiza.

Mzinda umenewu, umene uli pafupifupi makilomita 30 kumwera kwa Harare, unapangidwa m'chaka cha 1978 pophatikiza malokeshoni a Seke, Zengeza ndi St Mary's, ndipo kalembera wa 2022 anapezamo anthu oposa 370,000. Pakati pa khamu limeneli pali zidzukulu za machona a ku Nyasaland, a kum'mawa kwa Zambia ndi a ku Tete, amene mwambo wawo waukulu, gule, anansi awo a Chishona amautcha zvigure, ndipo ambiri amautchula monong'ona. Anthu amene chinthu chawo chopatulika chili kale choopsa m'maso mwa anansi ali ndi chifukwa chofunsira mosamala pamene kamera iyamba kusakasaka choopsezera anthu.

Ndondocha imene inawoloka nyanja

Mafilimu oopsa a ku America, m'zaka zawo zoyamba, anatenga Africa ndi ana ake ngati nkhokwe yotapamo zoopsa. M'chaka cha 1930 kunatuluka Ingagi, filimu imene inadzinenera kuti ikuonetsa zoona za m'nkhalango za ku Congo, kumene akazi akuti amaperekedwa kwa anyani akuluakulu. Pambuyo pake zinadziwika kuti linali bodza lamkunkhuniza, lojambulidwa ku California. King Kong wa 1933 anaika anthu akuda pachisumbu, akuvina ndi kupereka mkazi nsembe kwa chilombo. M'zonsezi munthu wakuda analibe dzina, analibe mawu omveka, ndipo ng'oma yake inali chizindikiro chakuti mzungu walowa m'malo a imfa.

Koma chitsanzo chophunzitsa koposa ndi cha chija Angerezi amati zombie. Chimenechi chinachokera ku Haiti, dziko la zidzukulu za akapolo, kumene anthu ankakhulupirira kuti munthu wamankhwala angathe kuutsa wakufa nam'gwiritsa ntchito m'munda wa nzimbe, wopanda malipiro, wopanda mawu, wopanda kukumbukira kwawo. Mchewa safunika kum'fotokozera zambiri pamenepa, pakuti imeneyi ndiyo ndondocha, munthu uja amati wokhwima anam'pha m'matsenga, nam'dula lilime, nam'bisa kuchipinda kuti azim'kokera chuma. Kwa Mhaiti, nthano imeneyi inali kulira kwa kapolo amene ankaopa kuti ngakhale manda sadzam'masula m'goli. Tsono asilikali a America atalanda Haiti kuyambira 1915 mpaka 1934, nkhaniyi inawoloka nawo nyanja. William Seabrook anaifalitsa m'buku lake la 1929, ndipo mu 1932 inasanduka filimu yotchedwa White Zombie. Dzina lokhalo likuulula chimene chinachitika: anthu akuda osandutsidwa ndondocha akuoneka m'filimumo akuzungulira mphero ya nzimbe, osadandaulidwa ndi aliyense, pamene tsoka lenileni la nkhaniyo ndi lakuti mkazi wachizungu nayenso wagwidwa. Mantha a kapolo analandidwa, napatsidwa kwa mwana wa mbuye wake.

Woopa atasanduka wakuda

Zinthu zinayamba kutembenuka m'chaka cha 1968, pamene George Romero anatulutsa Night of the Living Dead, napatsa Duane Jones, munthu wakuda, malo a mwini nkhani. Iyeyu ndiye wanzeru ndi wolimba mtima m'nyumba yozingidwa ndi akufa, ndiye yekha amene akuona kucha, ndipo m'mawa mwake gulu la azungu onyamula mfuti likumuwombera, nkuponya mtembo wake pamoto. Romero ankanena kuti anasankha Jones chifukwa cha luso lake lokha. Koma filimuyo inatuluka patangopita miyezi isanu ndi umodzi Martin Luther King ataphedwa, ndipo oonera akuda anaona m'mathero amenewo chinthu chimene ankachidziwa kale.

Zaka zotsatira zinabweretsa Blacula mu 1972 ndi Ganja & Hess mu 1973, koma zinabweretsanso chizolowezi chimene oonera akuda anachisandutsa nthabwala yowawa, chakuti wakuda m'filimu yoopsa sakhalitsa, ndipo ntchito yake ndi kufa kuti woonera adziwe kuti chilombo chili pafupi. Robin Means Coleman, amene analemba mbiri ya nkhaniyi m'buku la Horror Noire mu 2011, anasiyanitsa mafilimu oopsa okhala ndi anthu akuda ndi mafilimu oopsa a anthu akuda, ndipo kusiyanitsa kumeneku ndiko kuja tanena kwa chiwerengero ndi kaonetsedwe. Get Out ya Jordan Peele, ya 2017, inali ya mtundu wachiwiriwo: mnyamata wakuda akupita kukaonekera kwa apongozi achizungu aulemu ndi omwetulira, amene akufuna thupi lake kuti alikhalemo. Ndi ndondocha yomwe ija, koma tsopano woonera ali m'kati mwa wogwidwayo. Filimuyi inadya madola 4.5 miliyoni, nibweza oposa 250 miliyoni, ndipo amalonda a ku Hollywood, amene samva ulaliki koma amamva kulira kwa ndalama, anatsegula zitseko zimene zinali zotseka.

Choopsa chochokera kwa abale

Pano mpamene nkhaniyi ikhota, ndipo amene amaganiza kuti vuto lonse ndi mzungu ayenera kudekha. Mafilimu oopsa amene anadzaza nyumba za ku Zengeza ndi ku Seke, monganso za ku Ndirande ndi ku Chawama, ambiri anachokera ku Nigeria, poyamba pa matepi ndi pa madisiki ogulitsidwa m'misika, kenaka pa kanema wa Africa Magic. Kholo lawo ndi Living in Bondage ya 1992, ya m'chiyankhulo cha Chiigbo, m'mene mwamuna akupereka mkazi wake nsembe kuti alemere, mzimu wa mkaziyo num'zunza mpaka misala, kufikira atapulumutsidwa ndi pemphero. M'mafilimu otere aliyense ndi wakuda: wolemba, wojambula, wosewera ndi wogula. Pa chiwerengero palibe chodandaula.

Komatu taonani amene akuopedwa. Ndi gogo wa kumudzi wa maso ofiira, ndi sing'anga wopaka choko kumaso atakhala pakati pa nsupa, ndi apongozi aakazi, ndi mwana wamasiye wosayankhulayankhula, ndi chigoba cha makolo chopachikidwa pakhoma. Ndipo wopulumutsa, pafupifupi nthawi zonse, ndi mbusa wovala suti. Chiphunzitso chobisika m'menemo n'chakuti zonse za makolo ndi za mdima, ndipo mudzi ndiwo phanga la Satana. Chimene mzungu wa 1932 ananena ali kunja, mbale wa 1992 anachinena ali m'nyumba, m'mawu okoma ndi odziwika, ndipo chifukwa cha chimenecho chinalowa msanga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mlendo wa ku Chitungwiza ndi chilombo chake

Makolo a Achewa, Ayao, Amang'anja ndi Atonga a m'Zimbabwe anadza kudzagwira ntchito m'migodi ya ku Shamva, Kadoma ndi Hwange, m'minda ya fodya ya ku Mashonaland, ndi m'makhitchini a ku Salisbury, imene lero ndi Harare. Ena anayenda pansi kudzera ku Tete, ena anakwera malole a Ulere, ena analembedwa ndi Mthandizi, ndipo ambiri anachuluka m'zaka za chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963. Eni dziko anawapatsa maina: mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, ndi mabwidi, limene ndi dzina lonyoza. Wolemba mbiri Anusa Daimon anafufuza moyo wa anthu amenewa, naonetsa kuti gule anali chimodzi mwa zinthu zimene zinawagwirizanitsa kuchilendo, pamodzi ndi mabungwe a maliro ndi mizikiti ya Ayao. Munthu amene analibe munda, analibe mfumu, ndiponso analibe manda a makolo m'dzikomo, anali ndi dambwe; ndipo pa tsiku la maliro ake zilombo zinkatuluka kudzam'perekeza monga mwana wa kwawo.

Koma chimene chinali chitonthozo kwa mlendo chinali chododometsa kwa mnansi. Mshona ali ndi mizimu yake, ali ndi masvikiro, anthu amene mizimuyo imayankhulira mwa iwo, ndi mbira, koma mwambo wa chilombo chotuluka kumanda, chopaka matope, chovala nthenga ndi sanza, choyankhula ndi mawu a m'mphuno, sanauzolowere. Posadziwa tanthauzo lake, anadzaza mpatawo ndi mphekesera: kuti a zvigure amadya mitembo, kuti amaba ana, kuti ukagwa pothawa chilonda chake sichipola. Chinsinsi cha dambwe, chimene ometa sangachiulule, chinathandiza mphekeserazo kukula, pakuti wonenezedwa amene sangayankhe amaoneka ngati wavomera. Tiyeneranso kunena chilungamo, kuti pali anyamata amene amabisala m'gule kuti amenye anthu ndi kulanda ndalama pamsewu, khalidwe limene mafumu a Achewa ku Malawi ndi ku Zambia akhala akulidzudzula poyera. Ndale nazo zinathira mchere pachilonda: Robert Mugabe anatcha anthu a m'tauni ochokera kunja kuti ndi opanda mitupo, ndiye kuti opanda mfunda, ndipo lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri obadwira m'Zimbabwe ali alendo m'dziko lobadwira, kufikira malamulo aakulu a 2013 atawabwezera ufulu wawo. Zonsezi zinkachitika pamene Alick Macheso, mwana wa Mmalawi wokhala ku Chitungwiza komweko, ankavinitsa dziko lonse ndi nyimbo zosakaniza Chishona ndi Chichewa.

Tsono lingalirani wojambula filimu amene akufuna choopsezera anthu mosaononga ndalama. Safunika kupanga chilombo ndi kompyuta. Chilipo kale, chili ndi ng'oma zake, ndipo oonera anachiopa ali ana. Yesero limeneli ndi lalikulu. Koma akaika Kang'wingwi pakona ya msewu wa ku St Mary's kuti akhale wakupha m'nkhani yake, oonera sadzatuluka akuopa munthu wopeka. Adzatuluka akuopa banja lenileni la nyumba yachitatu kuchokera pa mpopi, limene agogo ake amayankhula Chishona chopotoka lilime. Dracula alibe adzukulu ku Zengeza, koma gule ali nawo.

Chodabwitsa n'chakuti gule mwini wake ndi katswiri wakale pa luso loonetsa mlendo. Simoni, wa nkhope yofiira ngati yopsa ndi dzuwa, ndi mzungu monga Mchewa anamuonera. Maliya anabadwa pamene Achewa anakomana ndi chiphunzitso cha amishoni. Ndipo pabwalo pamatuluka ngakhale galimoto ndi ndege. Nyumba yosungira za makolo ya Chamare ku Mua, imene Bambo Claude Boucher anaikonza, ili ndi zigoba mazanamazana, chilichonse ndi mwambi wake. Choncho Mchewa sanganene kuti kujambula munthu wa mtundu wina ndi tchimo. Kusiyana kwake kuli apa: Simoni akavina, mzungu sataya munda kapena chitupa, ndipo mantha a pabwalo ali ndi malire, pakuti ng'oma ikaleka chilombo chimabwerera kudambwe, amayi amene amathawa aja nkuyamba kuseka. Gule amaopseza kuti alange ndi kuphunzitsa, ndipo n'chifukwa chake bungwe la UNESCO mu 2005 linamuika m'gulu la chuma chosagwirika cha anthu onse, m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia. Filimu imatenga kuopsako nkusiya mwambo wake pabwalo.

Zodziwika ndi zokanganirana

Chodziwika ndi ichi, kuti m'maiko athu kunenezedwa ufiti kumapha. Mu Januwale 2016 okalamba anayi anaphedwa ku Neno atanenezedwa kuti anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana. Mu 2017 mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo zinaphetsa anthu osachepera asanu ndi anayi, ndipo bungwe la United Nations linachotsako antchito ake kwa kanthawi. Ku Chitungwiza komweko, mu Januwale 2013, nyumba ina ya ku Zengeza kumene sing'anga ankagwirira ntchito inaphulika, anthu asanu nafa, nyumba zoyandikana nazo nkugumuka. Fumbi lisanakhazikike, mbiri inali itawanda kale kuti chinali chikwambo, kanthu kaja amati kamasakira mwini wake chuma, chimene chinakwiya pochotsedwa, ngakhale apolisi pambuyo pake ananena kuti linali bomba. Malamulo nawo akusonyeza kuti maboma akulimbana ndi nkhaniyi: la ku Malawi la 1911 limaletsa kuneneza munthu ufiti, ndipo la ku Zimbabwe la 1899 linasinthidwa mu 2006.

Chokanganirana ndi gawo la filimu m'zimenezi. Ena amati filimu ndi kalilole chabe, ndipo chikhulupiriro cha ufiti chinalipo kamera isanabadwe. Luise White, m'buku lake la 2000, anasonyeza kuti nkhani za opopa magazi zinali ponseponse m'Northern Rhodesia, Zambia wa lero, m'nthawi ya atsamunda, kanema asanafike m'midzi. Ena amati filimu imapatsa chikhulupirirocho nkhope, niphunzitsa anthu kuti mfiti imaoneka motani. Iwowa amatchula End of the Wicked ya 1999, yochokera ku mpingo wa Helen Ukpabio ku Nigeria, imene inaonetsa ana akudya nyama ya munthu usiku, ndipo omenyera ufulu wa ana anaiimba mlandu wokolezera kuzunzidwa kwa ana m'chigawo cha Akwa Ibom. Mwini wake anakana mlanduwo. Kunena kuti filimu yokha ndiyo imapha nkunama, pakuti umphawi, matenda osadziwika chiyambi ndi mikangano ya chuma cha masiye ndizo nkhuni zake. Koma amati unene chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga, ndipo chithunzi chimene mwana waona kambirimbiri, cha nkhalamba yosanduka kadzidzi, sichingakhale chopanda mlandu pa tsiku limene khamu lifuna woti limugende.

Mkangano wina ndi wa amene ayenera kusewera ndi kusimba. His House ya Remi Weekes, ya 2020, ikusimba za banja lothawa nkhondo ku South Sudan limene lapatsidwa nyumba ku England, mfiti ya kwawo, apeth, nkulitsatira m'zipupa. Ndi filimu yakuya, pakuti choopsa chake chenicheni ndi ngongole ya magazi imene opulumuka ali nayo kwa amene anatsala m'nyanja. Komabe osewera ake aakulu, Wunmi Mosaku ndi Sope Dirisu, makolo awo ndi a ku Nigeria, si Adinka a ku South Sudan. Amalawi anakomana ndi funso lomweli mu 2019 pa The Boy Who Harnessed the Wind, pamene Chiwetel Ejiofor ndi mnyamata wa ku Kenya, Maxwell Simba, anayankhula Chichewa chimene khutu la ku Kasungu linachimva kuti n'chophunzira. Filimu imeneyo si yoopsa, koma ili ndi phunziro pa nkhani yathu, chifukwa inaonetsa gule akudza pamaliro mwaulemu wake, ngati mwini malo. Apa mlendo anachita bwino kuposa abale ambiri, ndipo zikuoneka kuti magazi a wojambula si ndiwo amagamula mlandu. Chimagamula ndi kumene waimika kamera, ndi amene anakhala naye pansi asanaiimike.

Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka, anasonyeza njira ina mu I Am Not a Witch ya 2017, imene inapata mphoto ya BAFTA chaka chotsatira. Iye anaika woonera m'thupi mwa Shula, kamtsikana konenezedwa ufiti, komangidwa ndi nsalu yaitali yoyera kumsana kuti kasauluke, kogwiritsidwa ntchito ndi wa boma, kojambulidwa ndi alendo odzaona dziko. Mulibe mzukwa m'filimumo, mulibe magazi ambiri, koma Chinyanja chimene chikumveka m'menemo ndi cha anthu amene timawadziwa, ndipo choopsa ndi khamu.

Kwa wofuna kujambula

Lero foni ya m'thumba ikujambula bwino kuposa makamera amene Romero anagwiritsa ntchito, ndipo achinyamata a ku Chitungwiza akuika kale masewero awo pa YouTube ndi pa Facebook. Palibe chifukwa chowaletsera mafilimu oopsa, pakuti ngakhale agogo ankasimba nthano za mafisi ndi mizukwa ana atazungulira moto, ndipo mwana amene sanaopepo m'nthano amadzaopa koyamba pa zenizeni. Chofunika ndi kudziwa kumene zoopsa za anthu athu zili. Zili m'lole ya usiku yonyamula anyamata osadziwa kumene akupita. Zili mumgodi umene unameza munthu, abale ake kumudzi nkumadikira kalata zaka makumi anayi. Zili mwa nkhalamba imene inagwira ntchito papulazi moyo wake wonse, nkuthamangitsidwa mapulazi atalandidwa mu 2000, yopanda mudzi wobwererako. Zili pa windo la ofesi pamene munthu wobadwira ku Seke akuuzidwa kuti chitupa chake chikuti ndi mlendo. Ndondocha, munthu wogwira ntchito wopanda lilime ndi wopanda kwawo, ndi nthano imene mchona angaisimbe bwino kuposa wina aliyense, atakhala iye mwini nkhani.

Ndipo ngati gule ayenera kulowa m'filimu yotere, alowe monga alili pakati pa eni ake: woperekeza akufa, wolanga osamva, woseketsa amayi pabwalo. Za kudambwe zili ndi eni ake, ndipo sizijambulidwa ndi munthu amene sanagule njira. Inu anyamata ndi atsikana a ku Zengeza, Seke ndi St Mary's amene muli ndi nkhani m'mutu ndi foni m'manja, akuluakulu a gule akadalipo m'malokeshoni mwanumo, ndipo ena mwa iwo ndi agogo anu. Pitani mukawaone, mukhale pansi, muwauze chimene mukufuna kujambula, ndipo mumve chimene adzakuyankheni musanayatse kamera.